Mabatire otseka mu motorhome: madzi mwasiya kuthira, koma tchaja yanu ikudziwa?

Aliyense amene wasungapo mabatire othira madzi mu motorhome, galimoto yokhala ndi nyumba yogonamo m'kati, akukudziwa kugwada kuja. Mumakoka thireyi ya m'mbali mwa galimoto, tochi kukamwa, n'kuyamba kumasula zivundikiro chimodzichimodzi. Ngati muli ndi mabatire anayi a 6V, timabowo toti musuzumiremo ndi 12. Ta kutsogolo timaoneka bwino. Ta kumbuyo kwenikweni, pansi pa mawaya onenepa, mumangothira madzi mwachikhulupiriro. Mawa lake mupeza buluku labooka pabondo pomwe panadonthera asidi, ndipo pamitu ya mabatire pamera kale ufa woyera mobiriwira uja. Ndiye munthu akamva kuti kuli mabatire otseka, osafuna madzi moyo wawo wonse, mtima umathamanga.

Kusinthako n'kotheka, ndipo kwa anthu ambiri n'kwanzeru. Kungoti ambiri amakuona ngati kusintha tayala: chotsa ili, ika ili, tiyeni tizipita. Kunyamula mabatire akale ndi kumanga atsopano ndi ntchito ya masana amodzi. Chimene chimadzagamula ngati atsopanowo akhale zaka 6 kapena afe chaka chachiwiri chili kwina, m'zipangizo zitatu kapena zinayi zimene zimawatchaja, zomwe mwini wake nthawi zambiri sazikhudza n'komwe.

Tiyambe tasiyanitsa. Motorhome imakhala ndi magulu awiri a mabatire. Pali la injini, ntchito yake kupereka mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza galimoto, kenako alternator, kamakina kopanga magetsi injini ikamayenda, n'kulidzazanso nthawi yomweyo. Ndiye pali a m'nyumba, amene amayatsa magetsi, pampu ya madzi, feni ya chotenthetsera, bolodi yoyendetsa firiji, ndi inveta, yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pasoketi, ngati ilipo. Awa amakamidwa pang'onopang'ono usiku wonse, kutsika kwambiri, n'kudzazidwanso mawa, choncho mapuleti awo amapangidwa onenepa kuti apirire. Ndi amene amalembedwa kuti deep cycle, ndipo nkhani yathu ndi ya amenewa.

Madzi aja amapita kuti?

Batire la mtovu ndi asidi ndi lakale ndithu. Gaston Planté wa ku France analipanga mu 1859, ndipo mfundo yake sinasinthe. M'kati muli maselo, lililonse lopereka pafupifupi 2.1V, atatu amapanga batire la 6V, 6 amapanga la 12V. M'selo lililonse muli mapuleti a pozitivi ndi a negativi omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Mukamagwiritsa ntchito magetsi, asidiyo amalowa m'mapuleti n'kusanduka salifeti, madzi n'kumasukuluka. Mukamatchaja, salifeti amachoka pamapuleti n'kubwerera m'madzi.

Vuto limabwera chakumapeto kwa kutchaja. Selo likafika cha pa 2.4V, kutanthauza 14.4V pa batire la 12V, mapuleti amakhala atatsala pang'ono kukhuta, ndipo mphamvu yotsala imayamba kung'amba madzi kukhala mipweya iwiri: okosijeni ku pozitivi, haidrojeni ku negativi. Ndiko kubwata kuja mumamva mukaika khutu pafupi. Mipweyayo imatulukira pa zivundikiro, madzi n'kumatsika. Asidi satuluka nawo, n'chifukwa chake timathira madzi a batire okhaokha. Mabatire othira madzi a deep cycle amamwa kwambiri chifukwa mtovu wa mapuleti awo umasakanizidwa ndi chitsulo cha antimony, chomwe chimawalimbitsa koma chimachulukitsa kubwatako.

Batire lotseka limaugwira mpweya uja usanathawe. Mitundu yake ndi iwiri. Mu la gel, asidi amasakanizidwa ndi silika n'kulimba ngati girisi. Kampani ya Sonnenschein ya ku Germany ndiyo inayamba nalo mu 1957. La AGM linabwera pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1970 ku United States, n'kudzafala m'zaka za m'ma 1980. M'menemu asidi amamwedwa ndi nsalu ya ulusi wagalasi yopanikizidwa pakati pa mapuleti, ngati thonje lonyowa koma losadontha. Nsaluyo sainyowetsa mpaka kukhuta, amaisiyira timipata dala. Okosijeni wochoka ku pozitivi amadutsa m'timipatamo n'kukafika ku negativi, komwe amasandukanso madzi. Mu gel amadutsa m'timing'alu timene timapangika mokha. Madzi amangozungulira momwemo.

Njira iyi ili ndi malire ake. Mpweya ukamapangika mofulumira kuposa mmene ungabwezedwere, umadzaza m'kati, ndipo kavalavu ka pa selo kamatseguka kuti batire lisaphulike. Dzina lenileni la mabatirewa, VRLA, limanena za kavalavu kameneka. Chatuluka pamenepo chapita. Palibe chivundikiro choti mutsegule, palibe pothira. Batire lothira madzi mukalitchaja mopitirira limangokulipiritsani botolo la madzi. Lotseka limakhala duu, kumauma pang'onopang'ono m'kati, kunja kuli mbee, mpaka tsiku lina magetsi azima 2 koloko usiku pomwe kale ankafika m'mawa.

Chenjeraninso ndi mawu a pa chomata. Mabatire ambiri olizira galimoto amalembedwa kuti maintenance free kapena sealed, chonsecho m'kati muli asidi wamadzimadzi wamba. Angochotsa antimony n'kuikapo kashiamu kuti asamabwate kwambiri, basi n'kumata chivundikiro. Mukaligwedeza mumamva madzi akuyenda. Loterolo mukaliika m'nyumba mwaluza pawiri: silipirira kutsitsidwa, ndipo simungalithirenso madzi. Funani zilembo AGM kapena GEL pamodzi ndi mawu akuti deep cycle, komanso kuchuluka kwa mphamvu yake mu Ah (maampu kuchulukitsa ndi maola) pa maola 20. Ngati chomata chikungodzitama ndi CCA, yomwe ndi mphamvu yolizira injini kukazizira, limenelo ndi la injini ngakhale litakhala AGM.

Pakati pa gel ndi AGM, ine pa motorhome ndimakondera AGM. Gel limapirira bwino kutentha ndi kutsitsidwa kwambiri, koma limanyanyala msanga: limafuna mavolti otsika, cha pa 14.1V, ndipo mukalipitiriza mumapangika mabowo osatsekekanso. Mavolti a AGM ali pafupi ndi a batire lothira madzi, choncho zipangizo zambiri zimene zili kale m'galimoto zimagwirizana nalo, komanso limatha kutulutsa maampu ambiri nthawi imodzi inveta ikafuna. Pali chizolowezi chotcha batire lililonse lotseka kuti "gel", ngakhale ogulitsa amatero. Werengani nokha pa batirepo, chifukwa kusankha GEL pa tchaja pomwe lanu ndi AGM kumalisiya losakhuta masiku onse.

Amene amalidyetsa ndi angati?

Tchaja yabwino imayenda masitepe atatu. Poyamba imapereka maampu onse amene ingathe, mavolti n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka batire litafika cha pa 80 peresenti. Kenako imaimika mavolti pamlingo umodzi, maampu n'kumatsika okha pamene batire likukhuta. Pa zipangizo gawo ili limalembedwa absorption. Pomaliza imatsitsa mavolti pamlingo wongosungira, wotchedwa float. Moyo wa batire wagona pa manambala a masitepe awiri omalizawa. Lothira madzi limakonda 14.4V mpaka 14.8V pa absorption. AGM, malinga ndi wopanga, lili pakati pa 14.2V ndi 14.7V, float yake 13.2V mpaka 13.8V. Pa pepala 0.3V ikuoneka ngati kanthu kachabe, koma pa batire lotseka ndi nkhani yaikulu. Musatenge nambala kwa ine kapena kwa mnzanu amene mwaimika naye pamodzi. Pepala la wopanga batire lanu lenilenilo ndilo lilamule.

Pali sitepe yachinayi imene ndi mankhwala kwa batire lothira madzi koma poizoni kwa lotseka. Asidi ndi wolemera kuposa madzi, ndiye m'batire lothira madzi amadikha pansi, pamwamba n'kutsala zosukuluka. Pofuna kusakaniza komanso kulinganiza maselo, batire limakwezedwa dala mpaka 15.5V kapena 16V kwa maola angapo kuti libwate ndithu. Imeneyo ndiyo equalize. Imadya madzi, koma mumathira ena. Mu AGM asidi wagwidwa m'nsalu, palibe choti musakanize, ndiye kubwatako kumangotsegula mavalavu. Alipo opanga ochepa, monga Lifeline, amene amalola zofanana ndi zimenezi pa AGM yawo mphamvu ikayamba kuchepa, motsatira malangizo awo. Ngati pepala lanu silikunena, izimitseni.

Tsopano tizifufuze zotchajazo chimodzichimodzi. Choyamba ndi converter, bokosi limene limasandutsa magetsi a pasoketi kapena a jenereta kukhala a 12V. M'magalimoto akale ambiri muli ya sitepe imodzi, yongotulutsa 13.6V kapena 13.8V usana ndi usiku. Nambala imeneyi ndi yoipa mbali zonse: yachepa kuti idzaze batire lotsika pa nthawi yabwino, yachuluka kuti batire likhale nayo miyezi ingapo kukutentha. Eni ake ankangoti mabatire awo ndi aludzu n'kumathira madzi pafupipafupi, osadziwa kuti madziwo akubisa matenda a tchaja. Ngati yanu ndi yotere, ndalama ya converter ya masitepe atatu iwerengereni limodzi ndi ya mabatire. Ikapanda kukwana, bola mudikire, mupitirize ndi othira madzi omwewo.

Magalimoto akuluakulu amakhala ndi inveta yokhala ndi tchaja m'kati. Apa m'posavuta: lowani m'menyu, sinthani mtundu wa batire, lembani kukula kwa gulu lonse mu Ah. Zina zimakupatsani ma AGM awiri osiyana mavolti, ndiye onani manambala amene ali kuseri kwa dzinalo.

Sola ndiye amaiwalika, ndipo ine ndinaphunzira ndi maso. Nditaika ma AGM awiri atsopano ndinasintha za pa inveta, ndinayeza converter, ndinadziona katswiri. Patatha milungu itatu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinangoponya diso pa mita n'kuona 15.3V. Controller ya sola, kabokosi kolamulira magetsi ochoka ku mapanelo, yomwe inabisala kuseri kwa kabati, inali idakali pa flooded, kutanthauza batire lothira madzi, ndipo tsiku lake lochita equalize payokha, zomwe zambiri zimachita kamodzi pamwezi, linali litakwana. Nditagwira batire m'mbali linali lofunda, ndipo nditatchera khutu ndinamva kalikhweru kakang'ono ka valavu. Ndinazula waya wa mapanelo thukuta lili kamukamu. Madzi amene anatuluka masana amenewo sanabwererenso.

Chachinayi ndi alternator. Injini ikamayenda, relay kapena isolator imalumikiza mabatire a m'nyumba ndi la injini. Alternator wamba imapereka cha pa 14V mpaka 14.4V, zomwe AGM limalandira bwino, ndipo sizivuta kuti la injini likhale lothira madzi pomwe a m'nyumba ndi AGM, poti amangokumana potchaja. Zoyang'anira ndi ziwiri. Isolator yakale ya ma diode imadya pafupifupi 0.7V, waya wautali woonda n'kudyanso ina, moti 14.2V ya kutsogolo imakafika kumbuyo ili cha pa 13.3V, mutha kuyenda tsiku lonse batire osakhuta. Komanso magalimoto ambiri atsopano ali ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene imagwetsa mavolti mpaka m'ma 12 ikaona kuti batire la injini ladzaza, n'kuwakwezanso cha ku 15V mukamachepetsa liwiro. Mavuto onse awiri amatha ndi tchaja ya DC-DC. Imatenga chilichonse chochoka ku alternator n'kupanga masitepe atatu oyenera, ndipo imaika malire a maampu. Malirewo ndi ofunika, chifukwa AGM lotsika limameza maampu ambiri kuposa lothira madzi, ndipo waya woonda kapena alternator yaing'ono imatentha nazo.

Manambala onse ndatchulawa ndi a pa madigiri 25. Batire likatentha limafuna mavolti ochepa, likazizira limafuna ambiri, pafupifupi 0.02V mpaka 0.03V pa digiri iliyonse. Choncho 14.4V ya pa madigiri 25 iyenera kutsika kufika cha pa 14.1V kapena 14.2V pa madigiri 35. Tchaja zabwino zimabwera ndi kawaya ka sensa komanga pa batire. Mukasintha mabatire musakasiye kakulendewera m'malere. Kwa batire lotseka izi zimaposa kusamala wamba, chifukwa kubweza mpweya kukhala madzi kumatulutsa kutentha. Batire lotentha limakoka maampu ambiri, maampuwo n'kulitenthetsanso, zikumangokankhana choncho mpaka pulasitiki wake kufufuma. Ngakhale tchaja ili bwinobwino, kutentha pakokha kumakalambitsa: madigiri 8 mpaka 10 aliwonse pamwamba pa 25 amadula moyo wa batire pakati. Thireyi yoyandikana ndi paipi ya utsi kapena jenereta ndi malo oipa.

Ambiri amafa ndi njala

Ndanena zambiri za kupitiriza, koma ma AGM ambiri m'ma motorhome amafa chifukwa chosakhuta. Tiwerengere limodzi. Gulu la 220Ah mwalitsitsa mpaka theka usiku, kutanthauza kuti 110Ah yatuluka. M'mawa muliza jenereta, tchaja yanu ndi ya maampu 45. M'ola limodzi ndi theka mwabweza pafupifupi 66Ah, batire lafika 80 peresenti. Kuchoka apo maampu amayamba kutsika, ndipo 20 peresenti yotsalayo imafuna maola ena 3, 4 kapena kuposa. Ndani angapirire phokoso ndi mafuta maola onsewo, jenereta ikungopereka maampu 6? Aliyense amazimitsa. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Salifeti amene sanachoke pamapuleti amayamba kuuma n'kusanduka timiyala tosasungunukanso, mphamvu ya batire n'kumachepa sabata ndi sabata. Lothira madzi mumalidzutsa ndi equalize. Pa ma AGM ambiri chikwapu chimenecho mulibe.

Ndiye AGM liyenera kufika pa 100 peresenti yeniyeni pafupipafupi, sabata isamadutse. Kukhuta kwenikweni mumakudziwira pa maampu: mavolti ali pa absorption, maampu atsika kufika pa 1 kapena 2 pa 100Ah iliyonse, mwinanso kutsikirapo malinga ndi wopanga. Njira imene imayenda bwino ndi kuliza jenereta m'mawa kwa gawo loyamba lija, n'kusiyira sola kuti amalizitse mwakachetechete masana onse. Kukula kwa tchaja kuonedwenso. Othira madzi amalangizidwa maampu 10 mpaka 13 pa 100Ah iliyonse, pomwe ma AGM ambiri amalandira 20 kapena kuposa, ndipo opanga ena amachita kufuna kuti asachepere 20. Katchaja kamene kankakwanira akale katha kukhala kochepa kwa atsopano.

China chimene mutaye ndi hydrometer, kagalasi kokoka asidi kaja kamene kamakuuzani selo ndi selo kuti lili pati, 1.265 mpaka 1.277 kutanthauza lodzaza. Pa lotseka mwatsala ndi mavolti, ndipo mavolti amanama batire likamagwira ntchito kapena likangochoka pa tchaja. Amanena zoona likapuma maola angapo. Tchati chakenso n'chosiyana pang'ono: lothira madzi lodzaza limapuma pa 12.6V kapena 12.7V, AGM pa 12.8V kapena kupitirirako, ndipo theka la AGM lili cha pa 12.2V. Timagetsi tinayi ta pakhoma tija, tonena kuti ladzaza kapena latha, musatikhulupirire. Pezani mita ya shunt, imene imamangidwa ku negativi n'kumawerenga ampu iliyonse yolowa ndi yotuluka. Waya aliyense wa negativi adutsire pa shunt. Mmodzi akangolumphira pa batire mwachindunji, mawerengero onse asokonekera.

Nanga n'zoyeneradi? Sindingabise: AGM nthawi zambiri mtengo wake umayandikira kawiri wa lothira madzi la kukula komweko, ndipo gulu la 6V lothira madzi losamalidwa bwino limakhalitsa mofanana nalo, mwinanso kuposa. Munthu amene thireyi yake imakokeka bwino ndipo saiwala kusuzumira mwezi uliwonse alibe chomuthamangitsa. Opindula ndi amene mabatire awo ali pobisika moti amathiridwa madzi mapuleti atauma kale, amene amayenda misewu ya mabampu, amene inveta yawo imakoka kwambiri, ndi amene galimoto yawo imaima miyezi ingapo. AGM likangokhala limataya 1 mpaka 3 peresenti pamwezi, lothira madzi 5 mpaka 15. Koma phindu limeneli limaoneka pokhapokha mutamasula negativi poimika. Alamu ya gasi, wailesi ndi timabolodi tina timakoka pang'onopang'ono ngakhale zonse zitazima. Theka la ampu ndi 12Ah patsiku, ndipo m'masiku 9 gulu lija la 220Ah lafika kale pa theka.

Za lithium, mtundu wa LiFePO4, ndingopatukirako pang'ono. Nalonso n'lotseka, kulemera kwake ndi theka la batire la mtovu kapena kuchepera, limalola kutsitsidwa 80 peresenti kapena kuposa, ndipo silidandaula kukhala losakhuta. Koma silitchajidwa pansi pa madigiri 0, limadalira bolodi yake yoliteteza, ndipo ku alternator limafuna DC-DC. Ngati mukugula converter kapena DC-DC chifukwa cha AGM, sankhani yokhalanso ndi lithium pamenyu, kuti mukadzasinthanso musadzagule kawiri.

Tsiku losintha

Yezani musanagule. Batire lotchuka la 6V la Trojan T-105 ndi la 225Ah, lolemera pafupifupi makilogalamu 28. Ma AGM a saizi yomweyo ya GC2 amakwana pamalo omwewo, ngakhale nthawi zambiri Ah zawo zimachepako ndipo amalemerako pang'ono. Yezani mulitali, mulifupi, makamaka msinkhu kuphatikizapo mitu. Ma AGM ambiri mitu yawo ndi ya bawuti ya M6 kapena M8, choncho mapeto a mawaya anu angafune kusintha. Sinthani gulu lonse nthawi imodzi, mtundu umodzi, kukula kumodzi, opangidwa nthawi imodzi. Latsopano likamangidwa ndi lakale, lakalelo limalikokera kumanda. Pogula ikani mita pamitu. AGM latsopano lowerenga pansi pa 12.5V lakhalitsa pashelefu.

Zimitsani zonse: soketi yakunja, jenereta, inveta, swichi yaikulu. Ku sola chotsani mapanelo kaye, kenako batire. Pobwezera yambani batire, mapanelo pambuyo. Controller zambiri zimadziwira ku batire ngati zili pa 12V kapena 24V, ndipo zina zimaonongeka zikalandira dzuwa popanda batire. Jambulani chithunzi, matani tepi yolemba pa waya aliyense. M'ma motorhome ena waya wakuda ndi pozitivi, woyera ndi negativi, ndiye mtundu wa waya musaudalire, yezani. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, valani magalasi ndi magolovesi, kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi. Masulani negativi poyamba, mudzaimangenso pomaliza. Thupi lonse la galimoto ndi negativi, choncho sipanala ikagunda chitsulo muli ku negativi palibe chichitike; ikagunda muli ku pozitivi, negativi idakali yomangika, ndi shoti ya maampu mazanamazana, pamwamba penipeni pa mabatire amene amatulutsa haidrojeni. Mpweya umenewu ukangokwana 4 peresenti ya mpweya wa pamalopo umatha kuyaka kapena kuphulika pakangothetheka moto.

Chithunzi chija chili ndi msampha wake. Mabatire awiri a 6V amalumikizidwa mondondozana, pozitivi ya lina ku negativi ya linzake: mavolti amaphatikizana kukhala 12V, Ah zimakhala zomwezo. Awiri a 12V amalumikizidwa mogundana mapewa, pozitivi ku pozitivi, negativi ku negativi: mavolti amakhala 12V, Ah ndizo zimaphatikizana, awiri a 100Ah kukhala 200Ah. Amene wachotsa awiri a 6V n'kugula awiri a 12V, ndiye n'kutsatira chithunzi mokhulupirika, walowetsa 24V m'nyumba yonse. Bolodi ya firiji, pampu ndi mababu sizichedwa kumuuza.

Akale akatuluka, musawapendeketse, ndipo muwapereke kumene amatolera mabatire akutha. Mtovu wake umasungunulidwa n'kugwiranso ntchito. Thireyi itsukeni ndi soda wosungunula m'madzi. Achita thovu paliponse pamene pali asidi. Bwerezani mpaka thovu litasiya, tsukuluzani, umitsani, palani dzimbiri, pakani penti. Mawaya apindeni pafupi ndi mapeto. Wotupa kapena wolira tswatswa ndiye kuti asidi analowa pansi pa chikopa chake, mkuwa wabiriwira m'kati, ndipo woteroyo amadya mavolti amene mwalimbana nawo kukonza aja. Msintheni.

Pomanga gulu la mabatire ogundana mapewa, tengani pozitivi yaikulu ku batire loyamba, negativi yaikulu ku lomaliza. Mukatenga zonse pa limodzi, loyambalo limagwira ntchito yambiri n'kukalamba lokha. Mawaya olumikizira akhale ofanana kutalika ndi kunenepa. Pamutu uliwonse waya wonenepa kwambiri akhale pansi, wokhudzana ndi mutuwo, washala pamwamba osati pakati. Mangani pamlingo umene wopanga wanena, chifukwa mitu ya bawuti imazuka mukaonetsa mphamvu. Fyuzi yaikulu ikhale pafupi ndi pozitivi. Siyani kampata kolowa chala pakati pa mabatire kuti azizizira, n'kuwamanga ndi lamba kuti asamavine pamsewu. Ma AGM ambiri amalola kugonekedwa chammbali, ndipo anthu amawalowetsa m'kati, pansi pa bedi kapena mpando. Musawazondotse, komanso musawatsekere m'bokosi losalowa mpweya, popeza tchaja ikadzalakwa tsiku lina nawonso amatulutsa haidrojeni yemwe uja.

Mukamaliza musafulumire kukankha thireyi. Ikani mita pamitu penipeni ya batire, osadalira za pa sikirini, ndipo yatsani zotchaja chimodzichimodzi, zinazo zili zozima. Converter kapena inveta ikwere mpaka nambala ya pa pepala lija, ikhale pamenepo, kenako itsike pa float. Sola achite chimodzimodzi, ndipo tsegulani menyu yake muone ndi maso anu kuti equalize yazima. Lizani injini muone mavolti amene akufikadi kumbuyo. Kenako yatsani chinthu chokoka kwambiri pa inveta kwa mphindi zingapo, n'kugwira mutu uliwonse ndi dzanja. Wofunda kuposa anzake sunamangike bwino. Mukayenda ulendo umodzi kapena iwiri, bwererani ndi sipanala yokulunga tepi ija muyesenso mabawuti onse.